Mahedifoni omwe amatulutsa nyimbo kunja kwa mutu

Kuno kwathu munthu akafuna kugula mahedifoni funso limakhala limodzi basi, besi yake ikugunda? Wogulitsa naye amadziwa kale, amakuikira amapiano, voliyumu mpaka kumapeto, iwe n'kumva mutu ukunjenjemera, ndalama n'kutuluka m'thumba. Sindikunyoza besi ayi, inenso ndimaikonda, koma pali chinthu china chomwe mahedifoni ena amachita chimene ambirife sitinachimvepo n'komwe chifukwa palibe anatiuza kuti chilipo, ndipo ukachimva kamodzi zimavuta kuti ubwerere. Ndikunena za danga. Kumva ngati oimba ali potero, wina kumanzere chapatali ndithu, wina kutsogolo kwako, ng'oma kumbuyo kwawo, ndipo pakati pawo pali mpweya, osati onse atapanikizana mkati mwa chigaza chako. Anthu okonda zimenezi pa intaneti amati soundstage, ndiye mukamasaka mahedifoni mawu oti mulembe ndi amenewo.

Tayesani izi kaye musanapitirize kuwerenga. Valani ma earphone anu aja a tsiku ndi tsiku, ikani nyimbo iliyonse, tsinzinani, kenako lozani ndi chala pomwe woimba ali. Ambiri mulozera pamphumi kapena pakati penipeni pa mutu. Gitala ali m'khutu lamanzere lenilenilo, kiyibodi ili m'khutu lamanja, zonse zandandalika pa mzere umodzi wochoka khutu ili kukafika khutu linalo kudutsa mu ubongo. Tinazolowera mpaka timaona ngati ndi mmene nyimbo zimayenera kumvekera, koma m'moyo weniweni palibe phokoso lomwe limachokera mkati mwa mutu kupatula mawu ako omwe ndi chimanga chokazinga ukamatafuna.

Kuti timvetse chifukwa chake tiyambe ndi makutu enieniwo. Galu akauwa kumanja kwanu, mawu amayamba kufika ku khutu lamanja kenako lamanzere, kusiyana kwa nthawiko ndi kochepa zedi, sikufika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo umakugwira bwinobwino. Chinanso mutu wanu umatchinga, ndiye khutu lakutali lija limamva motsikirapo makamaka mawu okwera, osongoka aja ngati a mbalame kapena a chisekese. Ziwirizi anazilongosola kalekale wasayansi wa ku England Lord Rayleigh mu 1907. Koma pali chachitatu chomwe ine chimandisangalatsa kwambiri, khutu lakunjali, ndi mapindikidwe ake onse aja. Si zokongoletsa. Mawu akamagunda m'makwinya amenewa amasintha pang'ono kutengera kuti achokera kutsogolo, kumbuyo kapena kumwamba, ndipo poti aliyense makutu ake ndi osiyana, ubongo wanu unaphunzira makutu anu okha kuyambira muli wakhanda. Kenako pali chipinda, makoma ndi denga ndi simenti yapansi zomwe zimabweza mawu, ndi zimenezo zomwe zimakuuzani kuti munthu ali pafupi kapena ali kumapeto kwa holo.

Tsono mukamamvera pa masipika awiri, makutu onse awiri amamva masipika onse awiri, mawu amadutsa mumpweya, amagunda mutu, amagunda khutu lakunja, amagunda makoma, zonse zija ubongo umafuna zilipo. Mahedifoni amadula zonsezi. Zakumanzere zimapita khutu lamanzere lokha, zakumanja lamanja lokha, chipinda palibe, ndipo ma earphone olowetsa mkati aja amalambalala ngakhale khutu lakunja lomwe. Ubongo ukasowa zizindikiro zoti mawu achokera kuti umangoti basi ndiye kuti ali mkati muno. Nkhani yonse ya mahedifoni a danga ndi kuyesetsa kubwezera ubongo zina mwa zizindikiro zimenezi.

Njira yoyamba komanso yomwe imasintha zinthu kwambiri ndi kutsegula kumbuyo. Mahedifoni ambiri omwe timawaona m'mashopu ndi otseka, kasipika kali mkati mwa chibakuli cha pulasitiki, mawu omwe akutuluka kumbuyo kwa kasipikako alibe kothawira, amagunda pulasitiki n'kubwerera kukhutu, ndiye besi imachuluka inde koma zonse zimamveka zothinana komanso khutu limamva kuti latsekeredwa. Otsegula, omwe amatchedwa ma open-back, kumbuyo kwake kumakhala kanseti kazitsulo kapena pulasitiki yobooka, mpweya umalowa ndi kutuluka, mawu akumbuyo aja amangopita. Oyamba amtunduwu anali Sennheiser HD 414 omwe anatuluka mu 1968 ku Germany, a masiponji achikasu aja, ndipo anagulidwa mamiliyoni. Tangoganizani, nzeru imeneyi ndi yakale choncho koma kuno mpaka lero kuwapeza pa shelefu ndi mwayi.

Ine omwe ndili nawo ndi Philips SHP9500, si odula, kunjako amagulitsidwa pansi pa madola 100, ndinachita kutumiza mlamu wanga yemwe amakhala ku Joni. Ukawayang'anitsitsa pa kanseti kakuda kaja umaona kasipika ka mamilimita 50 mkati, ndipo sikanayang'ane khutu molunjika, kanapendekeka pang'ono ngati kakuchokera kutsogolo. Ukawavala usanayatse nyimbo palibe chomwe chimasintha, umamva wotchi yapakhoma, umamva ana akusewera panja, mayi akunyumba akakuitana kuchokera kukhitchini umayankha bwinobwino osavula. Pomwe ndinamvetsa zomwe mahedifoniwa amachita ndi pa kwaya. Ndili ndi nyimbo zina za kwaya yomwe inajambulidwa m'tchalitchi chenicheni ndi mamaikolofoni awiri, osati yomwe aliyense anaimba payekha m'kabokosi ka mu situdiyo. Pa ma earphone wamba kwayayo ndi mulu umodzi wa mawu okoma. Pa awa azimayi a soprano ali kumanzere chakutsogolo, alto pafupi nawo, tenala chakumanja, mabesi kumbuyo ndipo akumveka kuti ali kumbuyo, woyambitsa nyimbo akamakoka mpweya vesi isanayambe umamva, ndipo akamaliza mzere mawu aja samangoduka, amapita kukagunda khoma la tchalitchi n'kuzimirira pang'onopang'ono, moti umatha kuyerekeza kukula kwa nyumbayo. Pali mayi wina mu alto yemwe amachedwa pang'ono kulowa, ndimamudziwa tsopano pomwe amaima.

Ndipo pali kayesedwe kena kosavuta komwe ndimakonda kuonetsa anzanga. Nyimbo ili mkati, tengani zikhatho zonse ziwiri n'kutseka manseti aja kunja. Nthawi yomweyo kwaya yonse imakhwinyata n'kulowa m'mutu, mawu amasanduka a m'mphuno ngati munthu akuimbira m'chigubu. Chotsani manja, tchalitchi chabweranso. Palibe yemwe ndinamuonetsa zimenezi osatsegula maso.

Chachiwiri ndi kukula kwa chibakuli ndi komwe kasipika kaikidwa. Khutu lonse likalowa mkati osapanikizika, ndipo kasipika kakakhala patali pang'ono komanso mopendekeka, mawu amapeza mpata wogunda makwinya a khutu lakunja aja asanalowe, ndiye ubongo umalandirako chizindikiro choti zachokera kunja. Mfumu ya nkhani imeneyi pafupifupi aliyense amavomereza kuti ndi Sennheiser HD 800 yomwe inatuluka mu 2009, kenako anaikonzanso n'kukhala HD 800 S. Zibakuli zake ndi zazikulu moti zimafika mpaka chakutsaya, kasipika kake ndi ka mamilimita 56 kooneka ngati mphete, kali kutsogolo kwa khutu mopendekeka. Ndinawavalapo mu situdiyo ya mnzanga wina ndipo zoona, oimba amatalikirana kuposa pa china chilichonse chomwe ndinamverapo, koma mtengo wake umapitirira madola 1,500, ndalama yoti kuno munthu akhoza kuyambira bizinesi, ndiye ndikuwatchula kuti mudziwe komwe msewu umathera osati kuti mugulitse mbuzi. AKG ya ku Vienna inafika pena pake mu 1989 ndi K1000, amenewo analibe n'komwe masiponji okhudza khutu, anali timasipika tiwiri tolendewera pambali pa mutu toti umatha kutitsegula ngati zitseko, ndipo mawu akumanzere ankafikako pang'ono khutu lamanja ngati mmene zimakhalira ndi masipika. Stax ya ku Japan nayo zinthu zake siizitcha n'komwe mahedifoni, imati earspeakers. Onsewa akulimbana ndi vuto limodzi lomwelija.

Koma apa ndiime kaye chifukwa pali pomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri olemba za mahedifoni. Kutambasuka pakokha si kanthu. Pali mahedifoni omwe amakankhira zonse kutali kumanzere ndi kumanja koma pakati n'kusiya chibowo, woimba wamkulu yemwe amayenera kuima nji kutsogolo kwako amamveka wofooka ngati akuimbira chipinda china. AKG K701 ndi K702 amadziwika ndi danga lalikulu ndipo pa nyimbo za zingwe ndi ma orchestra ndi okoma kwambiri, koma besi yawo ndi yowonda ndipo kwa ine pakati pake pamachepa mphamvu. Pomwe Sennheiser HD 600, ya 1997 yomwe mpaka lero ikupangidwabe, danga lake ndi laling'ono, oimba ali pafupi nawe, koma mawu a munthu amamveka a munthu weniweni. Ndikanati ndisankhe pakati pa bwalo lalikulu lomwe sindikutha kulozamo munthu ndi bwalo locheperapo lomwe ndikutha kunena kuti wa mbalule ali apa, wa mpanje ali apo, oomba m'manja ali uko, ndingatenge lachiwirili. Chomwe chimapatsa chimwemwe si kukula chabe koma kuti chilichonse chili ndi malo akeake ndipo sichikusuntha. Anyamata osewera magemu owomberana amazidziwa bwino izi, n'chifukwa chake Audio-Technica AD700 ndi AD700X zinatchuka pakati pawo ngakhale besi yake ili yochepa, munthu amamva mapazi a mdani kuti akuchokera ngodya iti.

Tsono nkhani yomwe imandipweteka mtima ndi iyi. Mahedifoni sangapange danga lomwe mulibe m'nyimbomo. Mutha kuvala HD 800 S yomweyo, koma ngati nyimbo inajambulidwa ndi foni imodzi, n'kutumizidwa pa WhatsApp, wina n'kuijambulanso kuchokera pa vidiyo, n'kuiponya mu memori khadi kwa anyamata oika nyimbo pamsika aja, ikamafika kwa inu imakhala yaphwanyika kale, kawirikawiri kumanzere ndi kumanja zikuimba chinthu chimodzi, ndipo tizinthu ting'onoting'ono tija tomwe timanyamula danga, kamphepo ka m'chipinda, mchira wa mawu akamazimirira, ndi tomwe timayamba kutayika fayilo ikamapanikizidwa. Mahedifoni abwino amangokuonetsa poyera kuti nyimboyo yavulala.

Ndipo ngakhale nyimbo isanavulale panjira, zambiri zimatuluka mu situdiyo zili zothinana kale. Ndimamvetsa chifukwa chake, pulodyusa amadziwa kuti nyimbo yake ikamveka pa kasipika ka foni, pa wailesi ya mono yosasiyanitsa kumanzere ndi kumanja, pa sipika imodzi ya Bluetooth pa shopu, mu minibasi, ndiye amaika zonse pakati n'kukweza mpaka kumapeto kuti isagonje ikamaseweredwa limodzi ndi za ku Nigeria ndi South Africa. Koma abale opanga nyimbo, makamaka inu ojambula makwaya ndi magule athu, chonde tiganizireni. Nyimbo zathu zambiri zinabadwira pabwalo, woyambitsa ali apa, ovomera azungulira, ng'oma zili mbali imodzi, nthungululu ikuchokera kumbuyo kwa gulu. Kuyankhana kumeneko ndi kwa malo, si kwa nthawi kokha. Mukatenga anthu makumi awiri n'kuwaunjika pa kadontho kamodzi pakati pa mutu, n'kuthira reverb, mkokomo wa mu kompyuta, pamwamba, mwachotsa theka la chomwe chimapangitsa munthu kumva tsembwe ali pomwepo. Mamaikolofoni awiri oikidwa bwino kutsogolo kwa gulu m'tchalitchi chabwino m'mawa kusanayambe phokoso amatha kuchita zomwe pulogalamu iliyonse ya kompyuta singachite. Sizifuna ndalama zambiri, zimafuna kuleza mtima ndi khutu.

Njira yojambulira yomwe inapangidwira mahedifoni enieni imatchedwa binaural. Amatenga mutu wa chidole wofanana kukula ndi wa munthu, wokhala ndi makutu a labala okhala ndi makwinya onse, n'kuika timamaikolofoni mkati mwa makutuwo. Wotchuka kwambiri ndi Neumann KU 100 wa ku Berlin. Chilichonse chomwe mutuwo wamva chimakhala kale ndi kuchedwa kuja, kutchinga kuja, ndi kupindika kwa khutu, ndiye mukamvera pa mahedifoni, ngakhale otchipa, mumatembenuka kuyang'ana kumbuyo poganiza kuti munthu walowa m'chipinda. Lembani binaural recording pa YouTube mumve nokha, pali zambiri, za mvula, za m'misika, za ometa tsitsi lumo likuzungulira mutu wanu. Ine ndimalakalaka wina atatenga mutu woterewu n'kukauimika pakati pa bwalo la tchopa kapena pa msika wa Limbe m'mawa, kapena m'mphepete mwa nyanja asodzi akamakoka khoka. Abale athu omwe ali ku Leeds ndi ku Cape Town akanalira nazo misozi.

Pali vuto lina la mbali inayo. Nyimbo zambiri za m'ma 1960, stereo itangoyamba kufala, anazimikisa moti ng'oma zonse zili kumanzere, mawu onse kumanja, chifukwa ankaganizira masipika. Pa mahedifoni zimatopetsa mutu msanga, khutu limodzi limamva ngati lagontha. Mankhwala ake ndi crossfeed, kutenga pang'ono za kumanzere n'kuzithira kumanja mochedwetsa pang'ono, ndi za kumanja chimodzimodzi, ngati mmene mpweya ukanachitira. Benjamin Bauer analemba za njira imeneyi mu 1961, ndipo lero ili m'mapulogalamu ena oseweretsa nyimbo pa foni ndi pa kompyuta. Chodabwitsa n'chakuti crossfeed imachepetsa kutambasuka koma nyimbo imasunthira kutsogolo ndipo imamveka yachilengedwe, umboni winanso woti kufutukuka kwambiri si ndiye cholinga.

Nanga za mapulogalamu zomwe zadzaza masiku anozi? Ndiyambe ndi zomwe sindizikonda. Mahedifoni a magemu olembedwa 7.1 pa katoni, ngati kuti muli masipika ambiri okuzungulira, ambiri ali ndi timasipika tiwiri basi ngati ena onse, zinazo ndi pulogalamu yomwe imathira mkokomo, ndipo pa nyimbo imangomveka ngati uli m'bafa. Za 8D zomwe zimazungulira pa WhatsApp zija ndi nyimbo wamba yomwe wina waiyendetsa mozungulira mutu, zimasangalatsa kwa mphindi imodzi kenako chizungulire, woimba weniweni sathamanga kuzungulira iwe ayi. Koma pali zina zomwe ndi zenizeni. Dolby Atmos inayambira m'makanema mu 2012, pomwe phokoso lililonse limapatsidwa malo ake m'chipinda, kenako inafika m'nyimbo, Apple Music inayamba kuiika mu 2021. Apple yomweyo mu 2020 inaika pa AirPods Pro njira yotsata mutu, ukatembenukira kumanja woimba amatsala pomwe anali m'malo motembenuka nawe, ndipo ichi ndi chachikulu chifukwa m'moyo weniweni timasuntha mutu pang'onopang'ono osazindikira kuti titsimikize komwe mawu akuchokera. Sony ndi 360 Reality Audio yawo amakuuza kuti ujambule makutu ako ndi kamera ya foni kuti pulogalamu iwerengere mapindikidwe ako, Apple nayo inayamba kuchita zofanana mu 2022. Izi zikutsata sayansi ija ya makutu ndipo pa mafilimu zimagwiradi ntchito. Pa nyimbo zimatengera yemwe anamikisa, zina zimatseguka mokoma, zina makamaka zakale zomwe angozikonzanso mothamanga zimataya mphamvu, ng'oma imafewa, woimba amatalikira. Ine ndimakondabe stereo yojambulidwa bwino pa ma open-back a waya, koma sindingatsutse munthu yemwe wasankha njira inayo, makamaka poti ndi yokhayo yomwe ingakupatse danga uli m'basi.

Chifukwa apa ndi pomwe ma open-back amagonja, ndipo musagule musanamve izi. Salimbana ndi phokoso ngakhale pang'ono. Mu minibasi kondakitala akukuwa, injini ikulira, wailesi ya dalaivala ili m'mwamba, simumva kalikonse, ndipo yemwe mwakhala naye pampando amva nyimbo yanu yonse ngati mwayatsa kawailesi. Mu ofesi mukwiyitsa anzanu. Ngati mumagona chipinda chimodzi ndi mwana wakhanda iwalani. Ngati pafupi ndi kwanu pali chigayo kapena bala, dikirani atseke. Mvula ikamagwa pa malata ndiye basi vulani mungomvera mvulayo. Awa ndi mahedifoni a pakhomo, a nthawi yomwe mudzi wagona, ndipo kunena zoona nthawi yabwino kwambiri kwa ine ndi magetsi akathima usiku, furiji yasiya kulira, masipika a aneba ali zii, foni ili ndi moto wokwanira. Panjira ndimayenda ndi ma earphone wamba ngati wina aliyense.

Pali ubwino wina womwe sindinauyembekezere, ndimamvera motsitsa kuposa kale. Zinthu zikathinana munthu amakweza voliyumu pofuna kumva gitala yemwe wabisika kuseri kwa besi, koma chilichonse chikakhala pamalo pake sufunika kukweza kuti uchipeze. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa phokoso wa ma decibel 80, ndipo ukakweza pang'ono chabe maolawo amatsika msanga kwambiri. Ndikaona ana asukulu ma earphone ali m'makutu nyimbo ikumveka mpaka kwa ine ndili patali ndimada nkhawa, chifukwa mawu okwera aja ndi omwe amayamba kutha khutu likawonongeka, ndipo ndi omwewo omwe amatiuza komwe zinthu zili. Khutu likafa silimeranso.

Za magetsi ake mwachidule. Yang'anani nambala ya ma ohm, kawirikawiri ikakwera ndiye kuti mahedifoniwo amafuna mphamvu zambiri. SHP9500 ndi ya 32, foni kapena laputopu iliyonse imaiyendetsa. Samson SR850 ndi Superlux HD681, zotsegula pang'ono, nazonso ndi za 32 ndipo ndi zotchipa kuposa pamenepo, danga lake ndi lodabwitsa pa mtengo wake ngakhale mawu okwera amabaya khutu nthawi zina. Koss KSC75, tokolowekera kukhutu tooneka ngati zoseweretsa tija, kunjako ndi pafupifupi madola 20 koma timamveka motseguka kuposa mahedifoni ambiri otseka odula kangapo. Sennheiser HD 560S ndi ya 120, imayenda pa laputopu koma imakondwa ikapeza mphamvu yowonjezera. Beyerdynamic DT 990 Pro yomwe imapezeka m'masitudiyo ambiri ndi ya 250, HD 600 ndi HD 800 S ndi za 300, zimenezi pa foni yokha zimamveka zofooka, zimafuna ampulifaya. K702 imanyenga, nambala yake ndi 62 yokha koma imadya mphamvu. Ngati foni yanu ilibe kabowo ka mahedifoni, ka dongle ka USB-C, kolumikizira kolowa pobayira chaja, kabwino kamakwanira pa zopepukazi, osataya ndalama pa mawaya odula omwe amati amakulitsa danga, waya sakulitsa kanthu.

Chomwe chimakulitsa kapena kuchepetsa ndi masiponji. Akaphwa, khutu limayandikira kasipika ndipo danga limachepa, mawu amasinthanso, ndiye pogula funsani ngati masiponji ake amachoka ndi kupezeka. Ansalu ofewa aja amapuma bwino nyengo yotentha ya Okutobala kuposa achikopa chabodza omwe amasenda n'kukusiyira tinyenyeswa takuda m'makutu. Ndipo poti kumbuyo n'kotsegula, fumbi limalowa, tsitsi limodzi likakhudza kasipika mumamva kulira kwa zzz pa besi, ndiye musawasiye pawindo, asungeni m'kathumba kansalu kapena mu dirowa.

Kowapeza ndiye ntchito. M'mashopu ambiri a m'tauni mupeza otseka ndi a Bluetooth okhaokha, ndipo mayina akuluakulu pamsika ambiri ndi achinyengo, katoni yokongola mkati zina. Njira zomwe ndaona zikuyenda ndi kutumiza wachibale wochokera ku South Africa kapena ku UK, kufunsa anyamata a masitudiyo omwe nthawi zina amagulitsa zawo zakale, kapena kuyang'anitsitsa pa kaunjika wa zamagetsi chifukwa mwa apo ndi apo pamagwa chinthu chabwino chomwe wogulitsa sakuchidziwa, amachiona chopanda besi n'kuchitchipitsa. Mukapeza akale, pitani ndi nyimbo yanu yomwe mumaidziwa bwino mu fayilo yabwino, osadalira ya wogulitsa. Imvani kaye munthu akungoyankhula, monga nkhani za pa wailesi, mawuwo akuyenera kukhala pakati penipeni. Akapendekera mbali imodzi, atembenuzeni muvale chakumanzere kumanja, ngati kupendekerako kwasamukira mbali inayo ndiye kuti kasipika kamodzi kafooka, asiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji, chifukwa mbali ziwirizi zikasiyana mphamvu palibe woimba yemwe adzaime pamalo pake. Kenako gwedezani waya pomwe walowera m'chibakuli mumve ngati akudukiza, ndipo ngati ndi mtundu womwe waya wake amachoka ngati wa SHP9500, umenewo ndi mwayi chifukwa waya wa 3.5 mm wolowa m'malo mwake amapezeka pamsika uliwonse.